Mutu ukakula sulewa nkhonya, ngakhale ya pensulo

Wina walemba pa Facebook m'mawa uno kuti kujambula katuni wa mtsogoleri ndi mwano wa ana a masiku ano, eti ngakhale Angerezi akale ankalemekeza mafumu awo. Ndapsa nazo mtima. Ulemu wake uti?

Mu 1792 wojambula makatuni wa ku England, James Gillray, anajambula mwana wa mfumu George III, yemwe uja anadzakhala George IV, atakhala yadayada pampando, mimba ili tuu, akutokosa m'mano ndi foloko. Kumbuyo kwake mtsuko wokodzeramo utasefukira, mapepala a ngongole zosabweza ali pomwepo. Chaka chomwecho anajambulanso bambo akewo, mfumu yeniyeniyo, ngati munthu wouma manja, akudya dzira lowiritsa. Zithunzi zimenezi sizinkabisidwa ayi, zinkagulitsidwa m'sitolo ya mayi Hannah Humphrey mumzinda wa London. Ndiye ulemu mukunenawo unali kuti?

Mutu ukakula sulewa nkhonya, abale. Ukavomera mpando wavomeranso kusekedwa. Wojambula sapeka mimba, amangokulitsa imene ilipo kale. Ngongole sanakukongolere ndi iye. Ukakwiya ndi chithunzi ndiye kuti wadzizindikira wekha pamenepo, basi. Mu 1805 Gillray yemweyo anaika nduna yaikulu ya Britain William Pitt ndi Napoleon, wolamulira France, patebulo, mipeni ili m'manja, akugawana dziko lonse lapansi ngati nyama ya pa ukwati. Kodi ananama? Nthawi imeneyo ambiri analibe voti, choncho kuseka ndi komwe kunatsala m'manja mwawo.

Musatiuze kuti ndi mwano watsopano. Ndi wakale, ndipo si mwano. Wamkulu woopa pensulo ali ndi chimene akubisa.

Koma chondinyansa kwambiri ndi ojambula ogulika. Gillray yemweyu, ndi luso lake lonse lija, kuyambira 1797 ankalandira mapaundi 200 pachaka kuchokera ku boma la Pitt, pensulo n'kuyamba kuluma kwambiri otsutsa boma. Mu 1820 wojambula wina, George Cruikshank, anapatsidwa mapaundi 100 kuti asiye kujambula George IV ali m'zochita zochititsa manyazi. Anapinda ndalamazo n'kuika m'thumba. Mapaundi 100 okha, munthu wa luso ngati ameneyo!