Inu othamanga m'mawa kuno ku Chigwa cha Shire, mthunzi mukuudalirawo mukuupha nokha

Ana inu amene mwayamba kudzuka mbandakucha kukathamanga, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje boma, tatcherani khutu. Kuthamangako sindikukuletsani ayi. Achipatala akutiuza tsiku ndi tsiku za BP ndi shuga, ndipo ndikaona amayi atamanga zitenje m'chiuno akuyenda ndawala kusanache, mtima wanga umakondwa. Chimene chandinyansa ndi zimene mukuchita m'tinjira mukudutsamo.

Kuno mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, n'chifukwa chake nonse mumasankha njira ya pansi pa mitengo. Koma ndani mwa inu anafunsapo kuti mitengoyo anabzala ndani? Ife tilibe munda wa mitengo ngati uja wa ku Zomba m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, umene uli ndi antchito ousamalira tsiku lililonse. Munda wathu ndi mizere ya nimu ya kubwalo la mpira, ya kusukulu, ya kutchalitchi ndi kumzikiti, kuphatikizapo bwemba, misangu ndi mlambe umodziumodzi umene nkhwangwa inaulephera. Mlonda wake palibe. Imene mukuiona yaikuluyo inakula chifukwa panali munthu wina amene anaivutikira.

Mwina simukudziwa mmene mtengo umaleredwera pa dothi lathuli. Mbande timabzala mvula ikayamba, koma mvula ya kuno sichedwa kudula. Ikadula, pamafunika munthu wosenza chigubu kuchokera kumjigo, lero, mawa, mkuja, mpaka mvula ina idzagwe. Pamafunikanso kutchinga ndi minga kapena njerwa, pakuti mbuzi za kuno zikaona kanthu kobiriwira m'chilimwe sizikhululuka. Chiswe nacho chili pomwepo. Mwa mbande khumi, zikapulumuka zitatu timayamika Mulungu. Ndiye mnyamata abwere thukuta lili kamukamu, agwire kamtengo ka mbawa kofika m'chifuwa, akatsamire ndi thupi lonse ati akuwongola mwendo. Ndinaona ndi maso angawa kamtengo kakuti thyo! Iye anangokayang'ana, n'kukonza zam'makutu zake, ulendo. Kamtengo kameneko kanali katapirira chilimwe kawiri, mayi wina wokalamba akukathirira ndi madzi otsukira mbale.

Ena mwachotsa minga yotchingira chifukwa inakukwalulani m'miyendo. Ena aliyense akadutsa athyoleko kanthambi ka nimu kotsukira mano. Pa mtengo waukulu sizikhala kanthu, koma inu mukuthyola nsonga ya kamtengo kamene kali ndi nthambi zitatu zokha. Ena mwatenga mpeni kulemba maina anu ndi a zibwenzi zanu pa khungwa. Dziwani kuti chakudya cha mtengo chimayenda m'kati mwa khungwa momwemo, ndiye mukalicheka kuzungulira thunthu, mtengo umaima ngati uli moyo kwa miyezi ingapo, kenako masamba waa, basi wauma.

Palinso ka njira kachidule kaja mwatsegula pakati pa mbande kuti musazungulire. Mapazi akaponda malo amodzi m'mawa uliwonse, dothi limalimba, udzu umatha, ndipo mvula ikabwera madzi amatsata momwemo mpaka kukumba chigwembe. Ife a ku Chigwa ndife anthu oti tiuzidwe za madzi? Tinaona chigumula cha 2015. Tinaona namondwe wa Ana mu 2022, amene anaononga ngakhale malo opangira magetsi ku Kapichira. Tinaona Freddy mu 2023, anthu akugona m'makalasi a sukulu, minda itakwiririka ndi mchenga. Sindikunena kuti kamtengo kanu kamodzi kangaimitse Shire, Ruo kapena Mwanza, pakuti madzi ambiri amachokera kumtunda. Koma yendani m'mbali mwa mtsinje muone nokha: pamene pali mitengo ndi bango gombe lilipobe, pamene panametedwa mtsinje unadya munda wa munthu.

Za kumanda ndiye ndikulankhula mtima ukuwawa. Mitengo ikuluikulu yatsala kumanda chifukwa makolo athu ankaopa malowo, monga mmene nkhalango ya Khulubvi ya Mbona ku Nsanje yasungikira mpaka lero. Inu mwaona mthunzi wabwino, mwapitsamo njira yanu, sipika ili pamwamba, wina mpaka kupatukira kuseri kwa mtumbira kukataya madzi. Kumeneko kwagona agogo anu. Kumanda sitilowa popanda chilolezo cha a nyakwawa, ndipo zimenezi sizinasinthe chifukwa mwagula nsapato zothamangira.

Mapepala a madzi ndi mabotolo mukungoponya mukamwa. Funsani opha ng'ombe pa Ngabu zimene amapeza m'chifu: majumbo opotana, chiweto chinkangoonda mwini wake akutaya ndalama pa mankhwala. Munatha kunyamula botolo lodzaza, lopanda kanthu likulemerani bwanji?

Tsopano za moyo wanu womwe. Msewu wa M1 si bwalo la masewera. Ndimakuonani kudakali mdima, zovala zakuda bii, atatu atatu moyandikana m'lifupi mwa msewu, msana mutalozetsa kumene galimoto zikuchokera, m'makutu mwatseka ndi nyimbo. Pamsewu umenewu pamadutsa malole olemera, maminibasi othamangira okwera, njinga zamoto za kabaza zina zopanda nyali, ndi ngolo za ng'ombe zimene sizioneka mpaka utafika pafupi. Dalaivala akakuonani mochedwa n'kukhotetsa, amene amugunde ndi mayi wa panjinga amene amapita kumsika. Yendani kudzanja lamanja kuti muziyang'anizana ndi galimoto, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, muvale choyera, khutu likhale lotsegula. Inu amene mumakayesa mphamvu kukwera phiri kuchokera pa Thabwa, kumbukirani kuti lole yotsika m'makona amenewo mabuleki amakhala atatentha kale, siingaime chifukwa cha inu.

Ena mwatopa ndi msewu, mwasankha kanjira ka m'mbali mwa Shire chifukwa kuli kamphepo. Mwana wobadwira kuno amadziwa kuti mvuu imatuluka usiku kukadya kumtunda n'kubwerera kumadzi m'bandakucha, nthawi yomweyo imene inu mukuthamanga. Ukapezeka pakati pa mvuu ndi madzi, liwiro lako lonselo silikupulumutsa, pakuti ndi kunenepa kwakeko imathamanga kuposa munthu. Mukaona ndowe zomwazika pa tchire ndi mapazi a zala zinayi, bwererani. Ndipo mukamaliza kuthamanga musakagwade padooko kusukusula, kapena kuima m'mphepete kudzijambula pafoni. Ng'ona imaphunzira malo ndi nthawi imene munthu amabwera. Asodzi a ku Elephant Marsh amene moyo wawo wonse uli pamadzi amaiopa, nanga inu ndinu yani? Amene mwabwera kudzagwira ntchito kuno kuchokera ku Blantyre kapena Lilongwe, funsani eni mudzi musanatsegule njira yanuyanu. Safunsa anadya phula.

Ku Lengwe ndi ku Majete musayerekeze n'komwe kudutsa waya ati mukufuna mpweya wabwino. Ku Lengwe kuli njati, ku Majete kuli njovu ndi mikango, ndipo kulowa popanda chilolezo ndi mlandu. Wofuna kuyenda m'tchire mmenemo alowere pachipata, alipire, ayende ndi mlonda wodziwa nyama.

Chomaliza ndi dzuwa. Ndamva kuti ena mukuthamanga masana mutavala jekete, ena mpaka kudzikulunga pulasitiki pamimba, ati mafuta asungunuke. Chimene chikutulukacho ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, si mafuta. Amene anagonera kachasu dzulo, kapena wangochira malungo, akhale pansi. Mnzanu akayamba chizungulire, mutu kuwawa, kusanza, kulankhula zosamveka, thupi kutentha kwambiri, musamuseke kuti wafooka. M'gonekeni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'thire madzi thupi lonse, mum'kupize, ndipo muthamange naye kuchipatala. Ngati wakomoka musamuthire madzi m'kamwa. Kuno wothamanga azikhala atabwerera kunyumba dzuwa lisanakwere.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Inu a magulu othamanga muli ndi atsogoleri, muli ndi magulu a WhatsApp, mumasonkherana ndalama za mayunifolomu. Pitani kwa a nyakwawa kapena kwa alangizi a zankhalango, mutenge chigawo cha njira yanuyo chikhale chanu. Mubwezeretse mbande zimene mwathyola, mutchinge ndi minga, ndipo Loweruka lililonse m'chilimwe aliyense abwere ndi chigubu cha madzi. Mphamvu muli nazo zambiri. Ine kumbali yanga ndanena poyera: amene ndidzam'peze akuchotsa minga, kucheka khungwa kapena kulowa kumanda, sindidzakangana naye panjira. Ndidzapita kwa makolo ake kapena kwa bwana wake, ndikachoka kumeneko ndikatula nkhani kwa a nyakwawa, akalipe chindapusa pabwalo anthu akuona.