Mamma Mia! si zigamba ayi

Mlamu wanga akuti Mamma Mia!, sewero la nyimbo lomwe linadzakhalanso filimu, ndi ulesi chabe: kutola nyimbo zakale za ABBA, gulu loyimba la ku Sweden, kuzisokerera pamodzi ngati zigamba, basi n'kumadya ndalama za anthu. Dzulo tinatsutsana mpaka nsima kuzizira, ndipo ine sindinagonje.

Zoona, nkhani yake ndi yopepuka. Sophie akukwatiwa pa kachilumba ka ku Greece, bambo ake sawadziwa, ndiye awerenga mobisa buku lomwe mayi ake, Donna, ankalembamo zinsinsi zawo, n'kuitanira ku ukwati amuna atatu omwe akuwaganizira. Kwathu kuno ankhoswe akanatuluka thukuta! Koma Catherine Johnson, yemwe analemba seweroli, mawu a nyimbo anawasiya pafupifupi momwe analili. Nkhani ndi yomwe anaipinda kuti ikwane nyimbozo, ndipo inatheka chifukwa nyimbozo zinali kale ndi nkhani mkati mwake.

Tengani "The Winner Takes It All". Ine ndinakula ndikuimva pa kaseti ya bambo, Chingerezi ndisanachidziwe bwino, ndinkangotsatira kayimbidwe kokoma. Inatuluka mu 1980, banja la Björn Ulvaeus ndi Agnetha Fältskog, onse a mu ABBA, litatha kumene. Mwamuna analemba mawu, mkazi yemwe wasiyana nayeyo n'kuwayimba. Taganizani. Mu filimu ya 2008, Meryl Streep (Donna) akuiyimba pa njira ya m'phiri yokwera ku tchalitchi, kansalu kofiira kali m'manja, Pierce Brosnan (mmodzi wa amuna atatu aja) wangoima kakasi, wosowa choyankha. Apo m'pomwe ndinamva kuti zaka zonsezi ndinkang'ung'udza nyimbo ya munthu wosweka mtima. Ngakhale Judy Craymer, mayi yemwe anakakamira Björn ndi mnzake wa mu ABBA, Benny Andersson, mpaka atalola kuti nyimbo zawo zikhale sewero, ganizo la sewero analitenga pa nyimbo yomweyi.

Koma yomwe inandigwetsa ndi "Slipping Through My Fingers". Donna akukonza mwana wake m'mawa wa ukwati, akum'paka zikhadabo za kumapazi, mwana wamkulu atakhala pamiyendo pa mayi ake. Pambali panga panali mwana wanga wa folomu 3, maso ali pa foni. Ndinanamizira kuti ndayiwala mphika pamoto.

Ukanakhala ulesi, bwenzi aliyense akupambana nazo. Craymer yemweyo anayesanso ndi nyimbo za gulu la Spice Girls: Viva Forever! inatsegulidwa ku London kumapeto kwa 2012, pofika pakati pa 2013 n'kuti itatsekedwa. Pomwe Mamma Mia! inayamba ku London komweko mu 1999, n'kuwolokera ku Broadway, ku New York, mu 2001, ndipo ku London yadutsa zaka 25 anthu akugulabe matikiti. Nyimbo zotchuka pazokha sizikwanira, pafunika zokhala ndi munthu wolankhula kwa mnzake.

Pomwe mlamu akunena zoona ndivomere. Brosnan akamayimba "SOS" ndimachepetsa voliyumu, bamboyo luso lake lili kwina. Ndipo filimu yachiwiri ya 2018 ija, ulusi wosokera unayamba kuonekera kunja. Anaika mkulu wina woyang'anira hotela dzina lake Fernando, cholinga chabe choti woyimba Cher akatsika mu helikopita, pambuyo pake apeze wom'yimbira "Fernando". Pamenepo, mlamu, mwawina. Koma ndinakuonani, phazi lanu linkagunda pansi.