Palazzo Colonna sifunika chikwama chonona

Mwalemba bwino bambo, koma pamene mukuti nyumba zachifumu za ku Italy zimakoma pokhapokha utalipira wokuyendetsa wako wekha wokuonetsa malowo, pamenepo ndiye ndikukana. Palazzo Colonna ku Rome, komwe banja la Colonna likukhalabe mpaka lero, imatsegulidwa kwa aliyense Loweruka m'mawa. Tikiti wamba basi, walowa.

Wokuyendetsa ndi wofunika ndithu, sindikutsutsa. Popanda iye ukhoza kudutsa pa masitepe a m'holo yaikulu osaona chipolopolo cha mzinga chomwe chinagwera pamenepo mu 1849, asilikali a France atazinga mzindawo. Chidakali pomwepo, mwala wa sitepe uli chiswekere. Pali chithunzi chojambulidwa ndi mmisiri wa ku Italy Annibale Carracci, cha mlimi akudya nyemba, supuni ili m'mwamba, kukamwa kuli yasa, maso ali pa iwe ngati wamupezerera. Anthu ambiri amangochipitirira pothamangira golide wa kudenga.

Chomwe chimandipweteka n'choti nkhani zoterezi zimagwetsa ulesi ophunzira ndi mabanja osapata, n'kumaganiza kuti malowa ndi a anthu olemera okha. Mukanatchulako masiku otsegulira anthu onse.