Contra pa nambala 8? Ayi ndithu

Alembi, pa mndandanda wanu wa magemu osewera pa TV, zoika Super Mario Bros. pamwamba sindikutsutsa, koma Contra, pa nambala 8, mwamuponya kutali kwambiri.

Mwaiwala chinthu chimodzi. Mario tinkasewera molandizana, wina afe kaye kuti mnzake alowe. Contra mumalowa awiri nthawi imodzi, ndipo pakhomo pa ana ambiri imeneyo inali nkhani yaikulu. Ine ndi achimwene tinkasewera kwa amalume ku Mpondasi kuno ku Mangochi, pa TV yaing'ono yolumikiza ku batire ya galimoto. Dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, mabatani akuterera m'manja, ife osasuntha pamkeka. Gawo lachitatu lija la mathithi, ukakwera mothamanga mnzako wotsalira m'munsi ankafa, ndiye achimwene ankaima pamwala n'kunena kuti, "Dumpha, ndikukudikira." Mpaka lero mawu amenewo ndimawamva.

Katiriji, kaseti ya gemuyo, ikakana, kuiuzira mpweya kawiri, kubwezeramo, basi yayaka.

Anzanga owerenga, ndani akukumbukira chinsinsi cha mabatani odina kuti upeze miyoyo 30 mu Contra? Mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A. Alembi, Contra mumukweze, ngakhale pa nambala 2.