Mwagulitsa mbuzi za mayi anu chifukwa cha blog?

Loweruka lapitali mlongo wanga anandipeza ndisanasambe n'komwe kumaso. Anakhala pansi pakhonde, osayankha moni, kenako misozi. Mwana wake wachisamba, mnyamata wa zaka 22 amene tonse tinasonkherana kuti amalize Fomu 4, watulutsa mbuzi zitatu m'khola n'kukagulitsa pamsika. Mbuzi zimenezo mayi ake amasungira feteleza wa chaka chino. Ndalama yonse watumizira munthu wina wa pa WhatsApp amene anamulonjeza kuti m'masabata awiri amuphunzitsa kutsegula blog, tsamba la pa intaneti lolembapo nkhani, yomubweretsera madola 500 mwezi ndi mwezi. Chimene analandira ndi kabuku ka masamba ochepa ka pa foni, kodzadza ndi zithunzi za magalimoto a eni. Sabata yachitatu nambala ija inasiya kupezeka.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Ndakwiyira wakubayo, inde, koma lero ndikulankhula ndi inu ana anga, chifukwa mphwangayu sali yekha. Muli ambiri.

Kodi munthu amene akukolola madola mwezi uliwonse angamagone pa WhatsApp usiku wonse kunyengerera mwana wa kumudzi kuti amutumizire ndalama ya mbuzi? Munamufunsa dzina la tsamba lake? Munaliwerenga? Munaona kuti analiyamba liti, ndipo amalembapo chiyani? Simunafunse. Safunsa anadya phula, ndipo inu mwadya ndi chisa chomwe. Blogger yakhalapo kuyambira 1999, WordPress kuyambira 2003, ndipo ponse pawiri munthu amatha kutsegula tsamba osalipira ngakhale tambala. Mukulipira chiyani tsono? Mukugula mpweya?

Ndinaitanitsa mnyamatayo kuti andionetse tsamba limene anatsegula. Ndinachita manyazi m'malo mwake. Nkhani khumi ndi ziwiri, palibe ndi imodzi yomwe imene analemba yekha. Zonse anakopera m'manyuzipepala, n'kuchotsa dzina la mtolankhani, n'kuikapo lake. Mtolankhani wakwera minibasi mpaka ku Nsanje, waoloka matope, wagona ndi njala kuti amve kwa anthu amene madzi awakokolera nyumba, inu mwakhala pa mpando m'mphindi ziwiri mwatenga thukuta lake lonse. Mukuti ndinu blogger? Kumudzi kwathu munthu wokolola m'munda wa mnzake timamutchula dzina lina. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zolembalemba la 2016, ndipo bungwe loteteza umwiniwo la COSOMA lilipo. Zithunzi nazo zili ndi eni ake. Mukuganiza kuti chifukwa mwachipeza pa Facebook ndiye kuti chinagwa kumwamba ngati mvula?

Ndiye pali nkhani ya AdSense, njira imene kampani ya Google imalipirira eni matsamba ikaika malonda pa matsamba awo, imene yakuzunguzani mitu nonse. Aliyense AdSense, AdSense, ngati dzina la malume wobwera kuchokera ku Joni. Ndani mwa inu anakhala pansi n'kuwerenga malamulo ake? Safuna mwana wosakwana zaka 18. Amayamba aliona tsamba lanu asanakuvomereni, ndipo tsamba la nkhani zokopera amalikana. Akakuvomerani, sakutumizirani kanthu mpaka ndalama zitakwana madola 100, ndipo musanafike pamenepo amakutumizirani nambala yachinsinsi pa positi kuti atsimikize keyala yanu. Ena a inu keyala yake munangopeka. Chichewa chathuchi sichili pa mndandanda wa zilankhulo zimene iwo amalola kuikapo malonda awo. Mphunzitsi wanu wa pa WhatsApp uja anakuuzani zimenezi? Ndipo inu amene munachita mwayi n'kuvomeredwa, mwapanga gulu loti muzidinirana malonda, uyu adine kwa uyo, uyo adine kwa uyu, kuyambira m'mawa mpaka bandulo itatha. Mukuyesa kuti kampani yaikulu ngati Google singaone kuti mafoni asanu omwewo a m'dera limodzi ndi amene akudina tsiku lililonse? Amatseka akauntiyo, ndalama zimene mumawerengera zija zimapita, ndipo kulira kwanu sakumva.

Wina wasiya ntchito ya m'sitolo. Wina wadya ndalama ya fizi. Wina wakongola katapila kuti agule laputopu, chonsecho sangathe kulemba ndime imodzi yomveka, kaya m'Chingerezi kaya m'Chichewa. Mukasiya zaulere zija n'kufuna tsamba lanulanu, dzina lake limalipiridwa chaka ndi chaka. Malo osungira tsambalo nawo amafuna ndalama, kawirikawiri madola, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo ndalama zakunja n'zosowa ngakhale kwa amalonda akuluakulu. Munawerengera zimenezi musanatsanzike kwa abwana anu? Chaka chamawa mudzagulitsa chiyani, nkhuku?

Koma zonsezi n'zazing'ono. Ndalama imapita, ina imabwera. Chimene chikundisowetsa tulo ndi chimene mumachita mukaona kuti anthu sakubwera pa tsamba lanu. Mumayamba kusaka magazi.

Ngozi ikachitika pa msewu wa M1, anthu akubuula m'galimoto, inu mwafika ndi foni m'manja. Simukunyamula wovulala. Simukuimbira ambulansi. Mukujambula nkhope ya munthu amene watsirizika kumene, kuti mukhale oyamba kuika pa tsamba. Mayi wina ku Mzimba kapena ku Ntcheu akutsegula foni kuti aone uthenga wa ku tchalitchi, akupeza mwana wake ali gone pa phula. Kuyambira liti uthenga wa maliro umayenda chonchi? Ife tinakula tikudziwa kuti zovuta zimanenedwa ndi akuluakulu, atakhala pansi, atayamba aona kuti wouzidwayo ali ndi womugwira. Inu mwasandutsa imfa ya mwana wa mnzanu kukhala nyambo. Tsiku limene adzakhale m'bale wanu pa phulapo mudzafuna kuti ajambulidwe?

Mumalengeza kuti wakutiwakuti wamwalira ali moyo. Mumaika chithunzi cha mtsikana wa eni n'kulemba kuti wagwidwa ndi mwamuna wa mwini, umboni wanu ndi uthenga umene wina anakutumizirani osadziwa n'komwe kumene unachokera. Banja latha, mtsikana wasiya sukulu chifukwa cha manyazi, inu mukuwerenga kuchuluka kwa anthu amene adina. Mumalemba kuti masamba a mtengo wakuti amachiza shuga ndi BP, ena mpaka kufika pouza anthu kuti akhoza kusiya ma ARV. Munaphunzira kuti za mankhwala? Agogo anu akawerenga n'kutaya mapiritsi a kuchipatala, mudzapita kukakumba nawo manda?

Mwaiwala 2017? Mphekesera za anamapopa zinayenda ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu a anthu olusa. Bodza limapha, ana inu, ndipo lero lili ndi miyendo yaitali kuposa nthawi imeneyo chifukwa mwalipatsa tsamba ndi dzina looneka ngati la nyuzipepala. Ndipo musaganize kuti dzina lopeka likubisani. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti, lija la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lilipo, ndipo anthu anagonapo kale m'chitokosi chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Amene mwamuipitsira mbiri akhozanso kukutengerani ku khoti kuti mumulipire. Tsiku limenelo anthu amene amakuombera m'manja aja simudzawaona. Amene adzabwere ndi phukusi la nsima ndi mayi anu omwe aja munawabera mbuzi.

Sindikudana ndi kulemba pa intaneti. Ndingadane nako bwanji? Mu 2006 nyuzipepala ya kuno inalemba za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola. Anthu a ma blog ndi amene anainyamula nkhaniyo n'kuifikitsa kutali, mpaka mu 2007 anakalankhula pa TED, msonkhano wa anthu a maganizo atsopano ochokera m'maiko osiyanasiyana, ku Arusha. Anthu amenewo analemba zoona, za munthu weniweni, ndipo moyo wa mwana wa kumudzi unasintha. Chida chake n'chomwechi chimene inu mukuchitira zonyansa.

Ntchito ili yonse imaphunziridwa. Kalipentala amatha miyezi akupala matabwa a mphunzitsi wake asanakhome mpando wake woyamba. Telala amayamba ndi kusoka zigamba. Amene akufuna utolankhani amapita ku MIJ kapena ku MUBAS n'kukhala pansi. Inu nokha ndiye mwabadwa odziwa? Mphwanga uja wakula akulima soya ndi mtedza ndi mayi ake. Amadziwa mmene mavenda amaberera pa sikelo, amadziwa mwezi umene mtengo umagwa ndi umene umakwera, amadziwa chimene chimaononga mtedza m'nkhokwe. Ndinamufunsa chifukwa chake sanalembe zimenezo, zimene alimi anzake akanawerenga n'kupindula. Anati n'zachimidzi, sizingabweretse anthu msanga. Msanga! Mawu amenewa ndi amene akumalizani. Simufuna kulemba chaka chathunthu owerenga ali makumi awiri. Simufuna kufunsa mbali zonse ziwiri musanatulutse nkhani. Simufuna kuti wina akukonzereni chiganizo. Mukufuna madola Lachisanu.

Nanunso makolo anzanga, mwana akakhala chigonere ndi foni usana wonse n'kumati ali pa ntchito, mufunseni akuonetseni ntchitoyo. Werengani zimene akulemba. Ngati simutha, itanani wodziwa akuwerengereni. Mukuopa mwana wobala nokha?

Mvula ili pafupi, munda wa mlongo wanga ulibe feteleza. Iwe mphwanga, ndikudziwa uwerenga izi. Fufuta nkhani za eni zija lero, upite ukapeze ganyu, ubweze mbuzi za mayi ako.