Aphunzitsi a PE aziphunzitsidwa kuyankhula pa graundi

Inu aphunzitsi a m'ma TTC athu, makoleji osula aphunzitsi a pulaimale, kaya ku Machinga, Kasungu, Karonga kapena ku St Joseph's ku Dedza, ndili ndi pempho. Achinyamata mukuwasulawo muziwatulutsako panja akaphunzire kuyankhula pa graundi, lesoni pulani yokongola payokha siyikukwanira ayi.

PE, phunziro la masewera olimbitsa thupi, ku pulaimale ili mu Expressive Arts limodzi ndi nyimbo, zojambula ndi zosoka, ndiye nthawi yake ndi yochepa kale, koma kanthawi komweko kamangothera phokoso. M'kalasi makoma amasunga mawu, bolodi imathandiza, panja zonsezo kulibe. Chiyambire pulaimale yaulere mu 1994 makalasi amadzadza, pena ana kuposa 100, ndiye taganizani mtsikana wangotuluka kumene ku koleji wayima pakati pa bwalo mwezi wa Okutobala, mphepo ikuwulutsa fumbi, iye ali kalikiliki kufotokoza malamulo a ntchemberembaye osapumira, akumbuyo sakumva kanthu ayamba kale kuthamangitsana. Amakuwa mpaka mawu kusasa, mawa lake PE ija yasanduka "tengani mpira uwu muzikasewera uko".

Chonsecho zinthu zake ndi zophunzitsika. Ana asayang'ane kudzuwa, mphepo ichokere kumbuyo kwa mphunzitsi kuti izitengera mawu kwa anawo. Agwirizane nawo tsiku loyamba kuti wezulo ikalira kamodzi ndiye kuti imani, kawiri bwerani pafupi. Mawu ochepa, kenako awonetse ndi thupi. Lamulo loti ukagwira mpira uponye pasanathe masekondi 3 mwana amaligwira msanga akawona mphunzitsi akuwakha, kuwerenga mokweza n'kuponya. Ndipo mawu azichokera m'mimba osati pakhosi, apo ayi teremu siyitha kukhosi kusanapweteke.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi zomwe timawauza anawa pagulu. Mwana wonenepa amene watsalira pothamanga, mtsikana amene wangotha msinkhu akuchita manyazi kudumpha, mwana wachialubino amene dzuwa likumuwotcha koma akuwopa kunena. Mphunzitsi akangoponya mawu onyoza anzake n'kuseka, basi mwana ameneyo tsiku la PE azingoti mutu ukupweteka mpaka Sitandade 8. Kumuyitanira pambali, kumutchula dzina lake bwinobwino, kumuuza kuti "lero wayesetsa, tiye tibwerezenso", zimenezi zimafunika kuziyeserera ku koleji komweko. Nanga mwana wosamva, alipo anamuuza mphunzitsi kuti aziyima pomwe mwanayo akuwona pakamwa ndi manja ake?

Palinso chiyankhulo. Wina adzatumizidwa ku Mangochi, wina ku Rumphi, adziweko mawu ngati imani, thamangani, ponyani mu Chiyao kapena Chitumbuka, ana a Sitandade 1 amumva msanga.

Ndiye pa TP, nthawi yomwe ophunzira amakayeserera kuphunzitsa m'masukulu, alekichala mukapita kukawona phunziro la PE musamakhale pampando pafupi ndi wophunzira wanuyo. Kayimeni kumapeto kwa graundi kumene kuli mwana womaliza, ngati simukumva zomwe wophunzira wanuyo akunena musamupatse malikisi onse.