Arctic Monkeys sanatchuke chifukwa cha MySpace, lekani kunamiza ana

Zimene wanena mkulu wina pawailesi m'mawa uno zandikwiyitsa kwabasi. Akuti achinyamata oimba asamataye nthawi ndi zoyeserera kapena zokaimba m'mabala, angojambula nyimbo n'kuponya pa intaneti, ngati mmene a Arctic Monkeys, bandi ya ku Britain, anachitira pa MySpace, tsamba la pa intaneti pomwe oimba ankaika nyimbo zawo. Bodza limeneli layenda kuyambira 2005, ndipo mpaka lero likupezabe anthu olinena molimba mtima pa maiki.

Tsamba la MySpace lija sanatsegule ndi iwo. Analitsegula ndi anthu okonda nyimbo zawo, ndipo anyamatawo atafunsidwa ananena okha kuti sankadziwa n'komwe kuti MySpace n'chiyani. Ndiye inu mukuuza ana kuti atengere nzeru imene eniakewo analibe?

Bandi imeneyi inayamba mu 2002 ku High Green, kumpoto kwa mzinda wa Sheffield. Alex Turner ndi Jamie Cook pa magitala, Matt Helders pa ng'oma, Andy Nicholson pa bezi. Anatha miyezi yambirimbiri akungoyeserera okhaokha, popanda wowaombera m'manja. Anaimba pagulu koyamba pa 13 June 2003 m'kabala kotchedwa The Grapes, ndipo nyimbo zina zimene anaimba tsiku limenelo zinali za eni. Nyimbo yawo yoyamba kufika pa nambala 1 ku Britain, I Bet You Look Good on the Dancefloor, inatuluka mu October 2005. Werengani nokha. Zaka ziwiri ndi miyezi inayi akunyamula okha masipika ndi ng'oma, kuimbira anthu oledzera amene sanabwerere iwo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, abale.

Nanga nyimbozo zinafika bwanji pa intaneti? Ankajambula ku situdiyo ya 2fly ku Sheffield komweko ndi Alan Smyth, nyimbo zochepa paulendo, n'kubena ma CD n'kumagawa ulere pakhomo shoo ikatha. Ma CD anali ochepa, anthu ofuna anali ambiri, ndiye amene wapeza ankaika pa kompyuta n'kutumizira anzake. Nyimbo 18 zimenezo ndi zimene anthu anazitcha Beneath the Boardwalk, potengera malo oimbirapo otchedwa The Boardwalk pomwe Turner ankagwira ntchito yogulitsa mowa. Onani ndondomeko yake: munthu waona shoo, yamugwira mtima, watenga CD, wagawira mnzake, mnzakeyo wabwera ku shoo yotsatira akudziwa kale mawu onse. Choyamba chinali shoo. Intaneti inali ngati kabaza amene wanyamula thumba la chimanga, sanalime ndi iye. Mu August 2005 ku zikondwerero za nyimbo za Reading ndi Leeds anawaika m'tenti ya mabandi osadziwika, koma anthu anadzaza mpaka panja akuimba nawo nyimbo za chimbale chimene chinali chisanatuluke. Amenewo sanabwere kudzaona tsamba. Anabwera chifukwa anamva kuti anyamatawa akakwera pasiteji amaimbadi.

Ndipo kuimbako kumamveka, ngati muli ndi makutu. Tengani The View from the Afternoon, nyimbo yotsegulira chimbale choyamba. Chapakati onse anayi amaima zii ngati yatha, kenako ng'oma n'kubwereranso, magitala n'kulowa pamodzi. Bandi yosayeserera imagwa pamenepo, chifukwa pamene palibe ng'oma aliyense amawerenga yekha mumtima, wina amafulumira, wina amachedwa, n'kulowa mobalalika. When the Sun Goes Down imayamba pang'onopang'ono, mawu ndi gitala imodzi, kenako liwiro n'kusintha mwadzidzidzi. Woimba ng'oma wosazolowera akafika pamalo otere amathamanga ndi chimwemwe, ikafika kolasi yachiwiri woimba mawu wayamba kumeza mawu chifukwa mpweya sukumukwanira. Komanso Turner amalongeza mawu ambiri mumzere umodzi, m'kalankhulidwe ka ku Sheffield, moti ng'oma zikangothamanga pang'ono nkhani yonse yatayika.

Magitala awiri nawo ndi msampha wina. Onse akagwira makodi ofanana pamalo amodzi pa gitala, chimene chimatuluka m'masipika ndi phokoso lokhalokha, bezi n'kumira momwemo. Mvetserani Turner ndi Cook: wina akagwira pansi, wina amakwera m'mwamba ndi tizidutswa tating'ono, ndipo amasiyirana mpata. Zimenezi munthu amaziphunzira m'kabala kakang'ono momwe sakudzimva bwino, momwe ampulifaya ya mnzake ili kumsana kwake, momwe akakweza gitala maiki imayamba kulira. Amaphunzira kutsitsa m'malo mokweza. Amaphunzira kuti nsambo ikaduka pakati pa nyimbo anzake sayima. Pali tsamba la pa intaneti limene limaphunzitsa zimenezi? Nditchulireni.

Atasaina ndi kampani ya Domino ya Laurence Bell mu June 2005, anapita ku Chapel Studios ku Lincolnshire ndi Jim Abbiss n'kujambula nyimbo zambiri za chimbale choyamba m'masabata pafupifupi awiri, pafupifupi nyimbo imodzi patsiku. Izi zimatheka pokhapokha nyimbo zitakhala kuti zinapsa kale pasiteji. Bandi yopita ku situdiyo nyimbo zili zosapsa imathera tsiku lonse pa ng'oma za nyimbo imodzi, wojambula n'kumadula apa n'kumata apo, ndalama zikupita, mapeto ake chimbale chikumveka bwino koma eniake sangathe kuchiimba pamaso pa anthu. Ngakhale vidiyo ya I Bet You Look Good on the Dancefloor ndi ya anyamata anayi akuimba pomwepo m'chipinda, osati kuyendetsa milomo potsatira CD. Chimbalecho, Whatever People Say I Am, That's What I'm Not, chinatuluka pa 23 January 2006 n'kugulitsa makope 363,735 m'sabata yoyamba, kuposa chimbale choyamba cha woimba wina aliyense ku Britain kufika nthawi imeneyo, ndipo chaka chomwecho chinapata mphoto ya Mercury Prize. Ntchitoyo inali yowawa moti Nicholson anatopa ndi maulendo n'kupuma mu 2006, m'malo mwake n'kulowa Nick O'Malley. Munthu amatopa chonchi ndi kuponya nyimbo pa intaneti?

Atolankhani a nthawi imeneyo anakonda nkhani ya MySpace chifukwa inali yatsopano, basi. Koma inu lero mulibe chowiringula. Mabandi zikwizikwi anali pa MySpace yomweyo, ali kuti? MySpace imeneyonso ili kuti? Anyamata a ku High Green akhala bandi yaikulu yotsekera usiku ku chikondwerero cha Glastonbury katatu, 2007, 2013 ndi 2023, ndipo anaimba potsegulira masewera a Olympics ku London mu 2012. Pamalo ngati amenewo palibe kubisala kuseri kwa foni. Mwana amene mukumuuza kuti asayeserere, tsiku limene adzaitanidwe kukaimba ndi bandi adzachita manyazi yekha, inu muli phee kunyumba kwanu.

Enanso amene amanditopetsa ndi awa anawadziwira pa TikTok. Amadziwa kachidutswa ka 505 ndi ka I Wanna Be Yours, nakonso kothamangitsidwa mpaka mawu a Turner kumveka ngati a kamwana, basi ayamba kale kuweruza bandi yonse. 505 ndi nyimbo yotsekera Favourite Worst Nightmare ya 2007, imayamba ndi limba chapansipansi n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake yonse ili m'kudikirako. Mukadula n'kutenga pophulikira pokha, mwaipha. I Wanna Be Yours mawu ake ndi ochokera mu ndakatulo ya John Cooper Clarke, koma afunseni, sadziwa. Ndi omwewa amene amati Tranquility Base Hotel & Casino ya 2018 ndi yotopetsa chifukwa Turner anaipekera pa piyano ndipo mulibe kuthamanga. Mwaimvera kangati yonse osadumphitsa?